Nkhokwe ya pansi pa bedi

Pepala lomwe tinkafuna linali limodzi lokha. Mnansi wathu wa kuseri anali atayamba kukumba maziko a mpanda, ndipo chingwe chomwe amisiri ake anakoka chinalowerera m'malo mwathu mpaka kumeza mtengo wa mapeyala womwe bambo anabzala ndi manja awo. Titakadandaula, amfumu anati mlanduwo ndi waufupi: "Bweretsani kalata yomwe munagulira puloti, tione pomwe mboni zinaloza." Amayi anayankha mosajejema kuti kalatayo ilipo, poti malemu amuna awo sankataya pepala. Sananame. Koma nkhani inagona pomwepo.

Tinakoka bokosi lachitsulo pansi pa bedi, tinatsitsa masutikesi awiri pamwamba pa wodilopu, tinatulutsanso katoni ya sopo yomwe kunsi kwake kunali kutadyeka. Ine ndi achemwali anga tinayala mphasa pakhonde Loweruka m'mawa, tikuti pofika nthawi ya nsima tikhala tathana nazo. Kalatayo tinaipeza Lamulungu dzuwa litapendeka, itapindidwa panayi, ili m'kati mwa kabuku ka malangizo a wailesi yomwe inafa ine ndisanalowe sekondale. Pamwamba pake panali malisiti a simenti, makadi oitanira ku maukwati a anthu omwe pano ali ndi zidzukulu, ndi mabilu a madzi a zaka khumi ndi zisanu.

Amayi nthawi yonseyi anali chikhalire pampando akuswa mtedza. Anangopukusa mutu. "Bambo anuwa ankakolola osasankha," anatero. "Chabwino ndi chowola, zonse nkhokwe imodzi."

Ndinaseka, koma usiku womwewo ndinaona kuti m'mawu ochepawo amayi anali atandipatsa njira yonse yothanirana ndi mulu uja. Munthu wodziwa kusankha chimanga amadziwa kale kusankha mapepala. Kungoti palibe anamuuza kuti ntchitoyo ndi imodzi.

Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti kukolola sikuthera pa mikukwe. Ngolo ikakhuthula chimanga pabwalo, pamatsala ntchito yomwe ife ana tinkaizemba: kukhala pansi n'kumagwira chimanga chimodzichimodzi. Kwathu ku Dedza amayi ankalima chamakolo, ndipo dzanja lawo linkayamba lafunafuna chachikulu, cha mizere yowongoka, chokhwima mpaka kunsonga, makoko ake otseka bwino. Chimenecho ankachimanga chiwirichiwiri ndi makoko ake omwe n'kukachipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa mafuwa, kuti utsi uzichifukiza chaka chonse. Chinkada bii ndi mwaye, mlendo n'kumachiyesa chotayidwa, koma anankafumbwe sankachivutitsa kwenikweni. Imeneyo inali mbewu. Akathana nayo m'pamene ankatembenukira ku mulu wotsala: chabwino kunkhokwe, chong'ambika makoko kapena cholumidwa ndi mbewa pambali kuti chiyambe kudyedwa, chachuku kutali ndi chinzake.

Choyamba kusankhidwa sichinali chotaya ayi. Ambirife tikafuna kukonza m'nyumba timayamba ndi funso loti, "Nditaye chiyani?" Funso limeneli limaumitsa dzanja. Pepala lililonse ukalinyamula limayamba kudzichonderera: mwina ndidzafunika, mwina adzandifunsa, mwina, mwina. Ukamafika pa lakhumi watopa, wabwezera zonse m'katoni, wakankhira kunsi kwa bedi, chaka chathanso. Koma ukayamba watola mbewu n'kuiika pabwino, mtima umakhala m'malo. Pa zotsalazo ukhoza kulakwitsa apa ndi apo osagona nazo ndi njala.

Mbewu ya mapepala imadziwika ndi mafunso awiri. Kodi lilipo tsiku lomwe munthu wokhala kuseri kwa tebulo, chidindo chili m'manja, adzati "tione pepala lakuti"? Nanga litasowa, mungalipezenso, ndipo mungayende maulendo angati? Pepala lomwe adzalifunsa ndithu, koma kulipezanso kwake n'kwa thukuta kapena n'kosatheka, limenelo ndi la kudenga. Kalata ya malo ndiyo yoyamba, kaya ndi chikalata cha ku unduna wa za malo, kaya ndi kapepala kong'ambidwa m'kope komwe wogulitsa, mboni ndi amfumu anasayinapo. Kapepala ka m'kopeko ndiko kofunika kukasamala koposa, chifukwa kalibe kanzake ku ofesi ina iliyonse. Kathu kanali ndi mboni zitatu. Ziwiri zinatisiya kale, yachitatu maso anachita khungu, ndipo wogulitsayo palibe akudziwa komwe analowera. Zala zomwe anadinda pakapepalapo ndi zomwe zinayankhula pabwalo la amfumu, chingwe chija n'kubwerera m'malo mwake.

Pambuyo pa malo pamabwera masetifiketi a MANEB ndi a kukoleji, setifiketi ya ukwati, ziphaso za kubadwa za ana, chiphaso cha imfa cha munthu yemwe chuma chake sichinagawidwe, wilo ngati ilipo, bulubuku ya galimoto kapena njinga yamoto, mapepala a inshuwalansi ndi a penshoni. Amene anagwirapo m'boma akuidziwa PSR 19, kalata yolembedwera ntchito, yomwe imagona zaka makumi atatu osafunsidwa n'kudzadzuka tsiku lopuma, pofuna kutsimikiza tsiku lomwe munthu anayamba. Bambo anali mphunzitsi, ndipo yawo tinaipeza pakati pa mayeso a masamu a ana a Sitandade 6. Buku la kuchipatala la munthu wa matenda okhalitsa, shuga kapena BP, nalonso ndi mbewu, poti mbiri yonse ya mankhwala ake ili m'menemo. Chimodzimodzi buku la kusikelo la mwana, momwe muli akatemera ake. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linaika kulanda katundu wa amasiye m'gulu la milandu, ndipo linatsogoza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Komabe mayi wamasiye wofika kwa DC kapena kwa Administrator General atanyamula mapepala okwanira mu envelopu imodzi ulendo wake ndi wina, wongonyamula misozi ulendo wake ndi winanso.

Titamaliza, mbewu yonse ya banja la anthu asanu ndi awiri, ya zaka zoposa makumi anayi, inakwana mu fayilo imodzi yosanenepa kuposa Baibulo. Ine zinandidabwitsa, koma mlimi sangadabwe. Ekala yathunthu imabzalidwa ndi mbewu ya makilogalamu pafupifupi 10, pomwe zokolola zake amaziwerenga m'matumba.

Pali malo amodzi pomwe fanizo la amayi limaperewera. Chimanga chowola chimadziulula chokha: chimanunkha, chimasintha mtundu, ukachifinya chimanyenyeka. Pepala silitero. Lonyezimira, la mitundumitundu, lochokera ku kampani yokongoza ndalama, likhoza kukhala mankhusu enieni, pomwe lothimbirira, lodyeka m'mbali, lomwe mwana angayatsire mbaula, n'kukhala lomwe lasenza nyumba yonse.

M'bokosi lachitsulo lija munali kachikwama kachikopa ka akulu awo a bambo, omwe anapita ku Joni kudzera ku Wenela. M'kati mwake munali kakhadi ka nambala, chithunzi chozilala cha mnyamata wa kolala yaikulu, ndi timapepala ta malipiro a kumgodi. Achemwali anali atakaponya kale pa mulu wotaya, ndipo ndani angawadzudzule? Ulendo wa kumigodi unatha kalekale. Kamuzu anauimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi. Unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, lomwe kuno tinalipinda kukhala Theba, kenako unatsekekeratu mu 1988. Koma mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa marandi 5 biliyoni woti makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide alipire anthu omwe anadwala TB ndi matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala, kuyambira omwe anagwira ntchito mu 1965. Bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo kwa eni ake kapena kwa amasiye awo, ndipo chofunika poyambirira ndi umboni woti munthuyo anagwiradi pa mgodi wakuti, zaka zakuti. Sindikunena kuti aliyense wosunga kakhadi ka Theba walemera. Njira yake ndi yaitali, ena yawathera panjira. Ndikungonena kuti kapepala komwe kanagona zaka makumi atatu ngati kakufa kanadzapezeka kuti kakupuma, ndipo amene anakapichirira fodya anatsala ndi pakamwa pokha.

Choncho pepala lomwe simukulimvetsa, makamaka la munthu yemwe anatisiya, musalitaye tsiku lomwelo. Liikeni pambali, mufunse akuluakulu. Tinatero ndi buku la ndalama la ku positi lomwe linali m'chikwama chomwecho. Banki ya ku positi ija inasanduka Malawi Savings Bank, yomwenso inagulidwa ndi FDH mu 2015. Chikwangwani chasintha kawiri, koma kupita kukafunsa sikulipiritsa, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mulu waukulu ndi wa kunkhokwe, wa chakudya. Chimanga cha m'nkhokwe sachisungira kuti chikalambe. Chimadyedwa, nkhokwe n'kusesedwa chatsopano chisanalowe, poti aliyense amadziwa zomwe zimachitika ukathira chatsopano pamwamba pa chakale: anankafumbwe a chaka chatha amalandira alendo ndi manja awiri. Mapepala ambiri a m'nyumba ndi otere, ali ndi nyengo yawo. Lisiti la fizi ndi lamoyo mpaka mwana atamaliza pasukulupo n'kutenga setifiketi yake, chifukwa tsiku lokatenga ndi lomwe mabuku a ku ofesi ya zachuma amakumbukira ngongole zomwe inu simukuzidziwa. Malisiti a lendi ndi amoyo mpaka mutatuluka m'nyumbamo, mwabweza makiyi kwa alandilodi, nkhani ya dipoziti yatha. Lisiti la firiji kapena sola limadikira galanti ithe. Bilu ya madzi imamezedwa ndi inzake: ya mwezi uno ikaonetsa kuti mulibe ngongole, za zaka zapitazo zatha ntchito, ndipo ine ndimangosunga za chaka chimodzi. Koma pepala la ngongole, kaya ya kubanki, ya banki m'khonde kapena ya katapila, musalitaye tsiku lomwe mwamaliza kubweza. Tsiku limenelo umboni woti mwamaliza ndi womwe umakwera kudenga kukakhala mbewu, chifukwa wokongoza sachedwa kuiwala kuti munabweza. Amene ali ndi bizinesi yolembetsedwa, nkhokwe yawo ndi ina; afunse a MRA zaka zomwe lamulo limafuna kuti mabuku asungidwe.

Pali mtundu wina wa lisiti womwe umadzidya wokha. Kuyambira mu 2014, pomwe MRA inabweretsa timakina ta malisiti a msonkho m'masitolo, malisiti ambiri a m'tauni amatuluka pa kapepala koterera kaja. Kapepalako kalibe inki. Kanapakidwa mankhwala omwe amada akamva kutentha, ndipo kamakina kamangowotcha zilembozo. Kandani ndi chikhadabo muone, pamatuluka mzere wakuda. N'chifukwa chake lisiti lotere likakhala miyezi ingapo m'chikwama cha m'thumba, kapena pawindo pofika dzuwa, limayera mbee ngati silinalembedwepo. Tinapeza envelopu yathunthu ya oterewa, bambo atawamanga bwinobwino ndi labala, pamwamba atalemba ndi dzanja lawo la uphunzitsi lija kuti "Za nyumba". M'kati munali mapepala oyera okhaokha. Ngati lisiti lotere ndi la chinthu chodula, lijambuleni pafoni kapena mulichititse fotokope tsiku lomwelo. Ndipo musayerekeze kukalimatitsa pulasitiki pa makina otentha aja, limatuluka lakuda lonse ngati khala.

Chimanga chija chong'ambika makoko, choyenera kuyamba kudyedwa, nachonso chilipo m'mapepala, ndipo phindu lenileni la tsiku lokhala pamphasa mwina lili pamenepa. Ukamatembenuza mulu umakumana ndi nkhani zomwe zikudikira phazi lako. Fomu ya penshoni ya achemwali, pa malo olemba odzalandira iwo atamwalira, panali dzina la agogo omwe tinawaika m'manda ana a achemwaliwo asanabadwe. Mita ya madzi inali idakali m'dzina la bambo. Mapepala oterewa salowa mu fayilo ya mbewu ndipo sapita ku mulu wotaya. Amakhala pa tebulo, poonekera, pansi pa botolo la mchere, kuti azikuchititsa manyazi m'mawa uliwonse mpaka utapita kukakonza.

Za mankhusu sindichedwapo. Kapepala ka mayunitsi a ESCOM: manambala 20 aja akalowa mu mita, atha, sagwiranso pena paliponse. Makuponi a feteleza a zaka zija tisanayambe kugulira chiphaso cha unzika mu 2020. Makalendala, timapepala ta kampeni, mapulogalamu a maukwati, mabuku a zipangizo zomwe zinapita kale kwa ogula zitsulo, manyuzipepala omwe munasunga chifukwa cha nkhani yomwe simukuikumbukanso. M'katoni momwemo mumapezekanso abale awo: matchaja a mafoni omwe anabedwa, makiyi a maloko osadziwika, mabatire otupa, mapiritsi opitirira masiku. Zonsezi n'zopeta, ndipo lichero silichita manyazi.

Koma musawayese opanda mlandu mankhusuwa. Ndiwo anatibisira kalata ya malo masiku awiri, ndiwonso amaitana chiswe, mphemvu ndi makoswe. Katoni ya sopo ija chiswe chinalowera pansi, chikutsata manyuzipepala, ndipo njira yake inadutsa pakati pa setifiketi ya JCE ya mng'ono wanga, n'kudya dzina lake loyamba ndi theka la chidindo. Zaka zonsezi m'nyumba mwathu palibe anatayapo pepala lofunika. Limodzi lomwe tinaluza linawonongeka lili m'manja mwa osunga, chifukwa chogonekedwa pamodzi ndi zopanda ntchito.

Tsopano chachuku, chomwe alangizi amati tisapatse ngakhale nkhuku. Tsiku lina pa depoti ndinagula zitumbuwa ziwiri, mayi wogulitsa n'kundikulungira m'pepala. Ndili m'kati mwa kudya, maso anagwa pa zolembedwazo. Inali sitetimenti ya kubanki ya bambo wina: dzina lonse, nambala ya akaunti, malipiro ake a pamwezi, ndalama yomwe amamudula ya ngongole, ngakhale malo omwe amakonda kutapira ndalama Lachisanu madzulo. Mafuta a chitumbuwa anali atalowerera pa ndalama yotsala, yomwe sinali yambiri. Munthu ameneyu sindinamuonepo, koma pofika pa siteji yathu ndinkamudziwa kuposa apongozi ake. Mayi wa zitumbuwa sanalakwe kanthu. Mapepalawo anagula, kapena anapatsidwa ndi mwana wa m'nyumbamo tsiku lomwe makolo ake ankakonza kuchipinda.

Masiku ano chiphaso cha unzika, chomwe anthu oposa 9 miliyoni analembetsa pa kalembera wa mu 2017, chinamangiriridwa ku nambala ya foni, ku akaunti, ku feteleza. Mafotokope ake ali ponseponse, poti ofesi iliyonse imafuna yakeyake, ndipo otsala timangowaunjika. Wakuba wa pafoni safuna zambiri. Akadziwa dzina lanu lonse, tsiku lobadwa ndi banki yanu, amaimba ndi mawu aulemu ngati wa ku ofesi, ndipo poti wanena zoona zitatu, chachinayi mumamuuza nokha. Choncho pepala lililonse lokhala ndi nambala ya chiphaso, ya akaunti, sayini yanu, kapena zotsatira za kuchipatala, lisatuluke pageti lili lathunthu. Akakhala ochepa amapsa bwino pa mbaula mukatha kuphika. Akachuluka musafukize anansi utsi: ang'ambeni, muwaviike m'ndowa ya madzi usiku wonse, m'mawa muwafinye asanduke phala, mukakwirire kudzenje. Makope akale a ana ndi manyuzipepala, amenewo apatseni amayi a mandasi ndi mtima woyera.

Ndisawaweruze kwambiri bambo. Anabadwira m'dziko lomwe kusowa kapepala kunkagoneka munthu m'chitolokosi. Abambo awo ankayenda ndi lisiti la msonkho m'thumba, poti mwamuna wopezeka alibe ankatengedwa ndi amesenjala a kwa DC. Iwo eni anakula m'nthawi ya khadi la chipani, pomwe pageti la msika kapena pokwera basi ankayamba aona kaye khadi, mpaka riferendamu ya pa 14 June 1993 itatembenuza zinthu. M'bokosi muja tinawapeza makhadiwo, chaka ndi chaka, osasowa ngakhale limodzi. Munthu woleredwa chotero akaona pepala saona chinyalala, amaona chishango. Ndipo maofesi sanathandize kumuchotsa mantha. Ndani sanamvepo mawu oti, "Fayilo yanu sikuoneka, mubwere ndi mafotokope anu"? Kusunga kwawo kunali ndi nzeru zake. Chomwe chinasowa ndi tsiku lokhala pamphasa. Ngakhale ku Zomba, ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino, sasunga pepala lililonse lomwe boma linalembapo. Ntchito yaikulu ya akatswiri a kumeneko ndi yomwe amayi ankagwira pabwalo ku Dedza.

Mbewu ikasankhidwa imafuna denga lake. Adani a pepala ndi omwewo a chimanga: chinyontho, chiswe, makoswe, moto. Bokosi lisagunde pansi kapena khoma lakunja, likhale pa njerwa kapena pa shelefu. Jumbo ndi yabwino, koma kumbukirani zomwe zimachitika mukatsekera chimanga chosauma m'thumba la pulasitiki. Pepala lomwe lamva chinyezi cha dzinja liyambe lauma pamthunzi, kenako mulitsekere. Chotsani mapini a dzimbiri, omwe amadya pepala ngati njenjete, ndi malabala omwe amasungunuka n'kumatirira. Za kumatitsa pulasitiki setifiketi yeniyeni ine sindigwirizana nazo, ngakhale anyamata a pa fotokope amalimbikitsa. Pulasitikiyo ikamata siimatukanso, chidindo chotukuka chija sichimvekanso ndi chala, ndipo maofesi ena, makamaka a kunja, amakana chikalata chomatidwa. Matitsani fotokope, chenichenicho chilowe m'kathumba ka pulasitiki kotseguka mbali imodzi.

Amayi a kumudzi anali ndi nzeru ina yomwe sankaitchula dzina. Mbewu yabwino ankagawirako mchemwali wawo wokwatiwa kutsidya kwa mtsinje, ndipo sichinali chifundo chokha. Khitchini ikapsa ankadziwa kokapempha. Mafotokope a mbewu yanu, odindidwa ndi loya kapena kwa majisitireti ngati n'kotheka, akhale kwa m'bale wa kudera lina. Jambulaninso pafoni, koma musathere pomwepo, chifukwa foni imabedwa mu minibasi, imagwera m'chitsime. Zithunzizo zitumizeni ku imelo yanu, komwe mungazipeze ngakhale pa foni yobwereka. Omwe anathawa madzi ndi matope a namondwe wa Freddy mu March 2023, ku Chilobwe, ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe, analibe mpata wofufuza m'masutikesi. Pa nthawi ngati imeneyo munthu amanyamula mwana ndi chinthu chimodzi chokwana m'dzanja. Fayilo ikhoza kutuluka naye. Bokosi lachitsulo limatsala.

Ndiponso mbewu ya kudenga inkakhala poonekera. Mwana aliyense ankadziwa pomwe ili, ankadziwanso kuti ukaikazinga ukwapulidwa. Ife timabisa mapepala ngati chithumwa, mwamuna osauza mkazi, mkazi osauza ana, mwina poopa kuti kutchula wilo n'kudziitanira imfa. Chakudza sichiimba ng'oma. Pakhale anthu awiri m'nyumba odziwa pomwe pali fayilo ndi zomwe zili m'kati mwake. Ife tinalemba mndandanda pa tsamba loyamba, achemwali n'kuujambula, ndipo tinagwirizana kuti mphasa iziyalidwa kamodzi pachaka, zokolola zikalowa, kunja kutauma. Ngati mungatsanzire, konzeranitu timiyala topsinjira mulu uliwonse. Mwera wa mu July unatiulutsira bilu imodzi mpaka pakhomo pa mnansi wa chingwe uja, ndipo palibe anafuna kupita kukaitenga.

Lolemba madzulo mulu wotaya unali utafika m'mawondo. Ndinali nditagwira kale thumba loolera pomwe amayi anadzuka pampando n'kusasa makoko a mtedza pachitenje. "Dikira kaye, iwe. Ng'ombe sazilowetsa m'munda anthu asanakunkhe."

Anagwada pamphasa n'kuyamba kutembenuza mapepala limodzilimodzi, akuliyandikitsa kumaso poti magalasi anali atawaiwala m'nyumba. Makhadi a chipani anawadutsa. Makadi a maukwati anawadutsa, ngakhale la ukwati wanga. Kenako anaima pa kalisiti kolembedwa pamanja, ka kaboni wabuluu, ka sitolo ina ya pa Dedza boma yomwe inatsekedwa kalekale. Deti lake linali la mu 1978, kutatsala chaka kuti akwatiwe. Panalembedwa zinthu ziwiri zokha: nsalu imodzi ndi mpango.

"Amayi, kameneko ndi mbewu kapena chakudya?" anafunsa achemwali, akundipsinyira diso.

Sanayankhe. Anakapinda kawiri, anakamanga pa mfundo ya chitenje pomwe amasungira ndalama ya kuchigayo, n'kubwerera pampando wawo.

"Tsopano tayani," anatero.